Msuweni wandiitana ku Joni: ndiyembekezere zotani?

Funso: Ndine bambo wa ana awiri, ndimakhala ku Lunzu ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Msuweni wanga amene ali ku Johannesburg akuti wandipezera malo kwa munthu wina wopanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndiye akuti ndizinyamuka. Pasipoti ndatenga kale, koma sindinatulukepo m'dziko muno. Kodi ulendo wa pabasi umayenda bwanji? Nanga moyo wa tsiku ndi tsiku kumeneko ndi wotani? Mayi a kunyumba akufunanso kudziwa ngati ndizidzatha kubwera pa Khirisimasi kudzaona ana.

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi funso la mayi a kunyumba, chifukwa ndi limene lanyamula enawo. Kubwera kapena kusabwera pa Khirisimasi sikudzatengera ndalama ya basi yokha ayi. Kudzatengera kachidindo kamene adzakudindireni m'pasipoti pa Beitbridge, chipata cholowera mu South Africa kuchokera ku Zimbabwe, komanso zimene mudzachite tsiku lolembedwa pa kachidindoko likadzakwana.

Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza, koma amalowa ngati mlendo wodzacheza, ndipo sapatsidwa masiku opitirira 30. Anzathu kumeneko amangoti "masiku": masiku anga atha, ndikupita kukatenga masiku. Masiku amenewa salola munthu kugwira ntchito, ngakhale yongopenta geti. Chilolezo chogwira ntchito ndi viza yapayokha, ndipo kuyambira mu 2014 lamulo silikulola mlendo wodzacheza kusintha masiku ake kukhala viza ya ntchito ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa kwambiri. Pempholo limaperekedwa munthu ali kwawo kuno, musananyamuke. Pamafunika kalata ya bwana wokulembaniyo, kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi mapepala a maphunziro anu atawunikidwa ndi bungwe la SAQA, loona za mapepala a maphunziro ku South Africa. Kuyambira mu 2024 amawerengeranso mapointi potengera maphunziro, malipiro ndi zaka zimene mwagwira ntchito. Sindikunamizani, kwa munthu wa ntchito zamanja wopita kwa bwana wa kashopu kakang'ono, khomo limeneli ndi lopapatiza. N'chifukwa chake ambiri mwa abale athu amene amawotcherera, kusamala maluwa, kuphika ndi kulera ana kumeneko alibe viza ya ntchito, ndipo moyo wawo wonse umazungulira pa mpata umenewo.

Lamulo la opitiriza masiku ndi ili. Mukapitiriza ndi masiku osaposa 30, potuluka amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika m'dzikomo ndipo simulowanso kwa chaka chimodzi. Mukabwereza zaka ziwiri zisanathe, chiletso chimakhala cha zaka ziwiri. Mukapitiriza ndi masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Ndiye onani mmene zimakhalira: munthu walowa mu Febuluwale, wagwira ntchito mpaka Disembala, akadutsa pachipata kubwera kumudzi, ntchito ija waitsanzika. Ambiri amasankha kungokhala. Umu ndi mmene amabadwira matchona a masiku ano. Si onse anaiwala kwawo. Ena amalephera ngakhale maliro a mayi awo chifukwa akudziwa kuti akatuluka sabwereranso. Ndipo amene wagwidwa alibe masiku amatha kukagona m'chitokosi cha polisi, kenako ku Lindela, malo osungirako alendo oti abwezedwe kwawo, ku Krugersdorp, kudikira basi yomubweza.

Mudzauzidwa njira ziwiri zozembera. Yoyamba ndi yopereka pasipoti kwa munthu wapaulendo kuti akaidinditse kuchipata inu muli pantchito. Imeneyo ndi mlandu wachinyengo, ndipo zidindo zambiri zobwera motero zimakhala zabodza. Ofesala sayang'ana inki yokha, amayang'ana pakompyuta; ngati kompyuta ikuti simunatuluke pamene pasipoti ikuti munatuluka, nkhani yakula. Yachiwiri ndi yowoloka Limpopo patchire. M'mbali mwa mtsinjewo muli achifwamba otchedwa maguma-guma, amene amalanda, kumenya ndi kugwiririra, ndipo Disembala ndi Januwale, nthawi imene anthu amafuna kuwoloka, ndi pamene madzi amadzaza. Ine sindingamuuze m'bale wanga kuti ayese iliyonse mwa ziwirizi.

Agogo athu opita ku migodi analibe mutu umenewu. Wenela, kampani yolemba anthu opita ku migodi, inkawalemba kuno, kuwakweza ndege, kuwapatsa pogona pa komponi, kontirakiti ikatha n'kuwabweza, gawo la malipiro n'kudzalandirira kumudzi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu; zinayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, dzina latsopano la Wenela, n'kudzatheratu mu 1988. Moyo wa pa komponi unali wowawa, musaunyadire, koma mapepala, bedi ndi ulendo wobwerera zinali pamutu pa kampani. Lero zonsezo zili pamutu panu. Choncho musanagule tikiti mufunseni msuweni mafunso olunjika: bwanayo akudziwa kuti mulibe viza? Ali wokonzeka kulemba kalata yoti mupemphere viza muli kuno? Malipiro ndi angati, pa sabata kapena pa mwezi? Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo "ndakupezera malo" nthawi zambiri imatanthauza kuti "ndinamva kuti akufuna munthu".

Tsopano za msewu. Kuchokera ku Blantyre basi imadzera ku Mwanza, n'kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kenako Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, Polokwane, Pretoria, mpaka Johannesburg. A ku Lilongwe amatulukira pa Dedza n'kudzakumana ndi msewu womwewo cha ku Tete. Werengerani tsiku limodzi ndi theka pamsewu, ndipo musadabwe akakwana masiku awiri. Chimene chimadya nthawi si mtunda koma zipata. Malire ndi atatu, ndiye kuti mizere isanu ndi umodzi, chifukwa pamalire aliwonse mumadinditsa kotuluka ndi kolowa. Paliponse mumatsika nonse, pasipoti m'manja, ndipo basi siyenda mpaka womaliza atadinditsa. Ku Mozambique ndi ku Zimbabwe simufunika viza, mukungodutsa.

Ku Tete kumatentha moti madzi a m'botolo amafunda ngati a tiyi, koma usiku wa m'nyengo yozizira mukamadutsa Zimbabwe mudzafuna bulangete, ndiye jekete ndi kabulangete zikhale pampando, osati m'chikwama cha pansi pa basi. Nyamulani chakudya chosachedwa kusasa: mtedza wokazinga, buledi, mazira owiritsa a tsiku loyamba. Makwacha mukangodutsa Zobue sagulanso kanthu. Khalani ndi timarandi tating'onoting'ono ndi timadola ta America tochepa, chifukwa ngakhale chimbudzi n'cholipira, ndipo amene watulutsa ndalama yaikulu pa chinthu chaching'ono chenji amachiyiwala. Osintha ndalama a pachipata ali ndi manja othamanga. Werengani nokha, kawiri, musanapereke zanu. Pasipoti musapatse munthu amene sali kuseri kwa kauntala kapena amene sanavale yunifolomu, ngakhale atalankhula Chichewa chokoma bwanji.

Pa Beitbridge ndi pamene pali ntchito. Chipatachi sichitseka usiku, koma mizere yake imatha kukudyerani maola ambiri, makamaka pa Khirisimasi, kumayambiriro kwa Januwale ndi pa Pasaka. Katundu amatsitsidwa n'kuunikidwa. Ofesala akhoza kukufunsani kumene mukupita, kwa yani, mubwerera liti, ndiponso ngati muli ndi ndalama zokwanira. Adiresi ya msuweni ndi nambala yake zilembeni papepala, chifukwa foni imatha moto, ndipo layini ya Airtel kapena TNM ikhoza kukhala chete mukangotuluka m'dziko. Akakubwezerani pasipoti, musachoke pawindo musanawerenge tsiku limene alemba. Masiku 30 ndi malire chabe. Ofesala akhoza kukupatsani ochepa, ndipo amene sanawerenge amadzazindikira atapitiriza kale.

Mabasi ambiri amathera pa Park Station kapena pafupi napo, pakati penipeni pa tawuni. Apa musakhale munthu waulemu kwambiri. Wokuthandizani kunyamula chikwama amene simunamuitane, mukaneni. Foni isatuluke m'thumba panja pa siteshoni. Khalani mkati, poyera, mpaka msuweni afike, ndipo mupangane naye kuti basi ikachedwa adikire. SIM kadi ya Vodacom, MTN kapena Telkom imalembetsedwa motsatira lamulo lotchedwa RICA, amafuna pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala, ndiye msuweni akuthandizeni zimenezi tsiku loyamba lomwelo.

Moyo wa tsiku ndi tsiku ku Joni umapangidwa ndi mtunda wa pakati pa pogona ndi pantchito. Mzindawu unamangidwa m'nthawi ya tsankho kuti ogwira ntchito azigona kutali ndi kumene kuli ndalama, ndipo mpaka lero zili choncho. Kachipinda kotchipa kali ku Diepsloot, Tembisa, Alexandra kapena Cosmo City, pamene ntchito ili kwina, ndipo pakati pake pali ma taxi, amene kwathu kuno timati minibasi. Tiyerekeze kuti taxi imodzi ndi R20, mukukwera ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, masiku 24 pa mwezi. Imeneyo ndi R1,920 yopita mumsewu. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali R28.79 pa ola kuyambira pa 1 Malichi 2025, ndipo amawunikidwa chaka ndi chaka. Pa mtengo umenewo, maola 45 pa sabata ndi pafupifupi R5,600 pa mwezi. Chotsanipo taxi, lendi, magetsi ogula mayunitsi, ufa, ndiwo ndi foni, muone chotsala. Kuno anthu amangomva R5,600 n'kuichulukitsa ndi mtengo wa kwacha, maso n'kuyera. Chipinda chokwera mtengo pang'ono koma choti mukhoza kuyenda wapansi kupita kuntchito nthawi zambiri chimatchipa kuposa chotchipa chakutali, ndipo chimakupulumutsani kudzuka 4 koloko n'kuyenda mumdima, nthawi imene akuba amakonda.

Taxi za kumeneko zilibe kondakitala woitanira pakhomo ngati za ku Limbe. Mumaimika ndi chala. Chala cholozera kumwamba ndiye kuti mukupita m'tawuni, cholozera pansi ndiye kuti mukutsika pafupi, m'dera lomwelo. Zizindikiro zina zimasiyana malinga ndi msewu, ndiye muzifunse. Mukalowa mupereke moni, "Sanibonani", n'kukhala. Ndalama imasonkhanitsidwa mzere ndi mzere n'kumapatsirana kupita kutsogolo, ndipo amene wakhala pampando wa pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga ndi kubweza chenji cha galimoto yonse. Mlendo asakhale pampando umenewo sabata yoyamba. Ndalama ikaperewera dalaivala amatha kuimika galimoto mpaka itapezeka, ndipo anthu onse maso amakhala pa inu. Pofuna kutsika mumakuwa kuti "after robot" kapena "short left", mokweza, apo ayi akupitirirani. M'tawuni malo akuluakulu okwerera ndi Bree ndi Noord, ndipo mzere uliwonse uli ndi kopita kwake. Funsani woyang'anira mzere, osati munthu wongoima. Kuli mabasi a Rea Vaya olipira ndi kadi, abwino ngati njira yanu ikugwirizana nawo. Sitima ya Gautrain ndi yachangu ndi yaukhondo, koma mtengo wake si wa munthu wowotcherera tsiku ndi tsiku.

Chimene Amalawi ambiri sachiyembekezera ndi kuzizira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi udzu umayera ndi chisanu. M'kachipinda ka malata kuzizirako kumalowa m'mafupa. Apa ndi pamene mbaula, imene kwathu ndi bwenzi, imasanduka mdani. Munthu amalowetsa makala oyaka m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, n'kugona. Mpweya wa makalawo sununkha, sutsokomoletsa, umangomugonetsa munthu mpaka osadzukanso. Chaka chilichonse anthu amafa motere. Gulani bulangete lachiwiri, mbaula igone panja. Samalaninso ndi nyumba zosanja za m'katikati mwa tawuni zimene eni ake anazithawa ndipo achifwamba ndi amene amatolera lendi. Zimatchipa, inde, ndipo safunsa mapepala. Koma mkati amagawa tizipinda ndi matabwa ndi makatoni, magetsi ndi olumikiza mwakuba, zipata amakhoma usiku. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa n'kupha anthu 76, ndipo pakati pawo panali Amalawi. Mukamayang'ana chipinda, yang'anani potulukira.

Za chakudya musade nkhawa. Ufa woyera uli m'sitolo iliyonse, nsima yake amati pap, kungoti yawo ena amaphika yofewa. Nyama ya nkhuku ndi yosavuta kupeza kusiyana ndi kuno. Chimene mudzachisowa ndi usipa, utaka, chambo ndi mpunga wa Kilombero, koma kumene kuli Amalawi ambiri sikusowa mayi wogulitsa zobwera pabasi, pamtengo woluma.

Kutsegula akaunti ku banki kumafuna pasipoti yokhala ndi viza ndi umboni wa pokhala, choncho wopanda mapepala amalandira ndalama m'manja, ndipo akuba amadziwa kuti Lachisanu madzulo ndi kumapeto kwa mwezi matumba ali ndi kanthu. Musagone nayo. Tumizani kudzera m'makampani ovomerezeka monga Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, imene ndalama yake mayi a kunyumba angatengere pa kauntala kapena kulandirira pa Airtel Money kapena Mpamba. Mudzapeza anthu olonjeza mtengo wabwino kuposa wa makampaniwa, ndipo ena ndi okhulupirikadi, koma tsiku limene ndalama yasowa mulibe lisiti ndipo mulibe kokadandaula. Langizo langa lina ndi loti mugwirizane ndi akazi anu musananyamuke kuti ndalama ina ndi yodyera, ina ndi yogulira chinthu chooneka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga thukuta lawo m'makwacha analira, amene anagula malata ndi simenti anaseka.

Dziwaninso kuti kusowa viza sikupatsa bwana ufulu wokudyerani malipiro. Khoti la za ntchito linagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito amaonedwabe ngati wantchito pamaso pa malamulo a ntchito, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito. Ambiri amaopa kupitako, ndipo mantha awo ndi omveka, koma lembani m'kabuku masiku ndi maola amene mwagwira, ndipo mauthenga a bwana a pa WhatsApp musafufute.

Nkhani yodana ndi alendo sindiibisa. Mu Meyi 2008 zipolowe zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anafa. Mu 2015 zinabuka ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kukatenga anthu. Zinachitikanso mu 2019, ndipo kuyambira mu 2021 kuli gulu la Operation Dudula limene limalimbana ndi alendo m'misika ngakhale pazipata za zipatala. Koma masiku ambiri si otero. Mudzagwira ntchito ndi Azulu, Asotho ndi Atswana amene adzakugawirani chakudya chawo. Phunzirani moni ndi mawu ochepa a Chizulu msanga. Mphekesera za chipolowe zikamveka m'dera lanu, musadikire kuti muone ndi maso, kagoneni kwa mnzanu kwina. Pasipoti muijambule, chithunzi china chikhale ndi mayi a kunyumba. Ikatayika, ofesi ya kazembe wathu ili ku Pretoria ndipo ina ili ku Johannesburg komweko.

Mwezi woyamba womwewo funani anzanu: mpingo, mzikiti, kapena gulu la anthu a kwanu. Mipingo ya kwathu monga CCAP ili ndi nthambi kumeneko, ndipo ku Mayfair ndi Fordsburg kuli Asilamu ambiri ochokera ku Mangochi ndi Machinga. Ntchito zambiri zimamveka m'magulu amenewa. Lowaninso gulu losonkherana za maliro. Palibe amene amafuna kuzimva ponyamuka, koma kubweretsa thupi kuchokera ku Joni kudzafika ku Lunzu ndi ndalama imene banja limodzi silingaipeze pa sabata imodzi. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a BP kapena a shuga, nyamulani buku lanu la kuchipatala, kalata yokusamutsani ndi mankhwala okwanira miyezi yoyambirira.

Tsono ngati mapepala anu ali bwino ndipo Disembala wafika, tikiti gulani mu Okutobala kapena Novembala, yobwererera yomwe, chifukwa mitengo imakwera ndipo mipando imatha. Katundu wolemera, monga firiji kapena makina owotcherera, anthu amatumiza kudzera kwa matransipota. Sankhani amene anzanu anamugwiritsapo ntchito, lembani mndandanda wa zonse, jambulani, ndipo mumvane poyambirira kuti msonkho wa MRA pa Mwanza alipira ndani. Malisiti sungani, chifukwa popanda lisiti mtengo wa katundu wanu adzaganiza ndi ofesala. Ndipo samalani ndi udzudzu wa kwanu komwe. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye thupi likakhalitsako limaiwala kulimbana nawo. Mukabwera nthawi ya mvula gonani m'neti ngati ana. Mukabwerera ku Joni n'kuyamba kumva kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'mafupa, musangomwa panado poganiza kuti ndi chimfine. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze momveka kuti mwangochokera ku Malawi, ayeze malungo, chifukwa anamwino a kumeneko sayamba aganiza za matenda amenewa mukapanda kuwauza.